Kodi mtima wa Iron Man ungayake? Zolemba za kalabu yathu ya JETS, teremu yachiwiri

Lachitatu, 22 Meyi 2024

Ndinabwera ndi mitu itatu yolemba kale papepala: mbaula yosadya makala ambiri, sefa ya madzi ya mchenga, ndi choumitsira tomato padzuwa. Ana anandiyang'ana ngati ndawapakulira nsima ya dzulo. Sindikuwaimba mlandu. Zinthu zitatuzi zimaoneka pa chionetsero cha JETS, mpikisano wa sayansi ndi zopangapanga wa ana a sukulu, chaka ndi chaka, oweruza amazidziwa mpaka utoto wake.

Anasokoneza zonse ndi Mabvuto wa giredi 11. Anati, "Aphunzitsi, malaiti kulibe. Bwanji tingopanga kachinthu kaja ka pachifuwa pa Iron Man, tiyatse Chipata yonse?" Anzake anaphulika kuseka, iye nkhope ili gwa. Tiyanjane anamuuza kuti zija n'zabodza za m'mafilimu. Mabvuto anati, "Chabwino, bodza lake lili pati? Uliloze." Tiyanjane anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Ine ndinayang'ana pabolodi ngati ndikufuna choko, chifukwa funso limenelo likanabwera kwa ine ndikanangoti "sizingatheke" popanda nambala ngakhale imodzi yoikira kumbuyo.

Ndiye tagwirizana. Sitipanga chipangizocho. Tichizenga mlandu. Ngati chingagwire ntchito tinena, ngati sichingagwire tiloza pamene chagwera.

Umboni tautenga mufilimu ya Iron Man ya 2008. Tony Stark, amene ndiye Iron Man, amapanga kachipangizo kozungulira, kokwana pachikhatho, ali m'phanga, pogwiritsa ntchito chitsulo chotchedwa palladium. Amanena yekha kuti kamatulutsa ma gigajoule 3 pa sekondi iliyonse, ndiponso kuti kangayendetse chinthu chachikulu kwa mphindi 15. Manambala awiri amenewa ndi amene tigwire. Zina zonse, kuuluka ndi kuwombera, tazisiya kaye.

Lachitatu, 29 Meyi

Theka la ola latha pa liwu limodzi. M'chinenero chathu timati mphamvu basi. Nyamata wonyamula thumba la chimanga ali ndi mphamvu, batire ili ndi mphamvu, injini ya chigayo ili ndi mphamvu, mfumu nayonso ili ndi mphamvu. Buku la physics limagawa mphamvuzi, ndipo mwana akasokoneza energy ndi power pamaso pa oweruza ndiye kuti watha. Ndinawatengera pa dramu ya madzi ili kuseri kwa labu. Madzi amene ali m'dramumo ndiwo energy, timawayeza ndi joule. Kathamangidwe ka madzi potuluka pa mpopi ndiye power, timayeza ndi watt, ndipo watt imodzi ndi joule imodzi pa sekondi. Dramu yaikulu ikhoza kukhala ndi kampopi kodontha, kachigubu kakang'ono kakhoza kukhuthulidwa kamodzi n'kamodzi.

Choncho ma gigajoule 3 pa sekondi ndi mpopi, si dramu ayi. Giga ndi biliyoni, mega ndi miliyoni, ndiye ndi ma megawatt 3,000.

Nambala imeneyi siinawagwedeze mpaka titayiika pambali pa madamu athu. Kariba North Bank, madzi akakhala odzaza ndipo makina onse akuzungulira, imapereka ma megawatt 1,080. Kafue Gorge yakale 990. Kafue Gorge Lower 750. Kuphatikiza zitatuzi ndi 2,820, sitinafikebe. Kuwonjezapo Itezhi-Tezhi ya 120 tikadali pansi. Kachinthu ka pachikhatho kakuposa madamu anayi. Dalitso anafunsa kuti nanga Tony Stark ankavutikiranji kumenyana ndi zigawenga m'malo mongogulitsa malaiti. Chaka chino, chilala chitalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale ndipo madzi ku Kariba akungotsika, funso limeneli silinali nthabwala kwenikweni.

Ndinawonjeza kena kakang'ono. Soketi ya m'nyumba ya ma amp 13 pa ma volt 230 imapirira ma watt pafupifupi 3,000. Kuti mutulutse mphamvu ya Iron Man mungafunike masoketi 1 miliyoni. Mufilimu muja muli timawaya towerengeka.

Lachitatu, 5 Juni

Lero ndachita manyazi, ndipo ndilemba momwe zinalili.

Ndinali wotsimikiza kuti chipangizochi chigwera pa mafuta ake. Ndinkati tikangowerengera kuchuluka kwa zimene chiyenera kudya, mlandu watha, tibwerere ku mbaula yathu. Tinayamba ndi dramu: ma gigajoule 3 kuchulukitsa ndi masekondi 900 a m'mphindi 15 zija, zikutipatsa ma gigajoule 2,700. Kilogalamu imodzi ya makala abwino ili ndi ma megajoule pafupifupi 30. Ndiye pakufunika matani 90 a makala, matumba 3,600 ngati thumba lililonse likulemeradi makilogalamu 25. Ana anayesa kuona m'maganizo njinga za makala zija zimalowa m'tauni mbandakucha, iliyonse matumba atatu kapena anayi, mzere wake kutalika kwake. Petulo angafunike malita pafupifupi 80,000. Ine ndikumwetulira, ndikuti mwaona.

Mabvuto anakweza dzanja. "Koma sichiotcha makala, aphunzitsi. Ndi reactor."

Anali wolondola. Kuotcha kumangosuntha ma electron a kunja kwa atomu. Fusion imagwira pakatikati pa atomu penipeni. Mukakanikiza mitundu iwiri yolemera ya hydrogen, deuterium ndi tritium, mpaka igwirane, pamatuluka helium ndi neutron imodzi, ndipo kulemera kwa zotulukazo kumapereweza pang'ono poyerekeza ndi zimene zinalowa. Kachidutswa kosowako ndiko kamasanduka mphamvu, mwa lamulo lija la Einstein, E = mc². Dzuwa nalonso limayaka ndi fusion, ngakhale kuti ilo limayambira pa hydrogen wamba. Kilogalamu imodzi ya deuterium ndi tritium imapereka ma joule 3.4 × 10¹⁴. Tinagawa pabolodi. Yankho linatuluka magalamu 8.

Ndinabwereza kawiri, ndikuganiza kuti ndaphonya ziro. Magalamu 8 ndi masipuni ang'ono awiri a shuga. Matani 90 a makala mbali iyi, masipuni awiri mbali inayo. Mabvuto sananene kanthu, anangopinda manja n'kutsamira kumbuyo, ndipo kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa akanandiseka.

Talemba m'buku la kalabu kuti pa nkhani ya mafuta, Iron Man wapambana. Mafutawo akhoza kukwana pachifuwa, malo n'kutsalako.

Loweruka, 8 Juni

Ku msika wa Kapata ndi Dalitso ndi Tiyanjane. Tagula mababu asanu a indiketa ya galimoto, a ma volt 12 ndi ma watt 21, waya, tepi yakuda, ndi kamota ka fani ya radiyeta kochokera m'galimoto yakufa. Wogulitsa anayamba ndi mtengo wa kumwamba atamva kuti ndine mphunzitsi, ngati aphunzitsi ndife a migodi. Tiyanjane ndiye ananenerera mpaka anatsitsa. Ndalama za kalabu zatsala zochepa kwambiri, makatoni a bolodi tipempha m'mashopu.

Amalume ake a Dalitso, amene amawotcherera zitsulo, avomera kutipangira choimikira njinga. Ati tibwere nthawi imene malaiti abwera, kaya ndi usiku.

Lachitatu, 12 Juni

Choimikira chafika. Anachiwotcherera cha m'ma 2 koloko usiku. Tayika njinga yanga, tayala lakumbuyo m'mwamba, kamota katsamira pa tayala kudzera pa kagudumu ka labala. Cholinga n'choti aliyense wobwera pa tebulo lathu amve m'miyendo mwake kuti watt ndi chiyani, chifukwa ma megawatt a pabolodi salowa m'mutu.

Babu imodzi aliyense anayatsa akuseka. Ziwiri, kuseka kunachepa. Titalumikiza yachitatu, mapedulo analemera ngati ukukwera phiri la Kanjala utanyamula munthu. Mabvuto, amene amasewera mpira, anapirira mphindi ziwiri osakwana, anatsika miyendo ikunjenjemera.

Kenako tinaitana bambo wina wa njinga zonyamula anthu amene amadikira makasitomala pafupi ndi geti. Anakwera osavula n'chipewa chomwe. Mababu atatu anayaka mbee kwa mphindi 10, iwo akucheza ndi mlonda za mtengo wa feteleza. Mita yathu inkasonyeza ma watt pafupifupi 70 osatsika. Potsika anafunsa kuti, "Basi, n'zomwezi?" Tinawapatsa ya ulendo umodzi.

Ma megawatt 3,000 kugawa ndi ma watt 70 ndi anthu 43 miliyoni opalasa nthawi imodzi. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'Zambia tilimo 19.6 miliyoni. Tonse, makanda ndi agogo omwe, titapalasa ngati bambo aja, sitingafike ngakhale theka.

Tayala langa lakumbuyo ladyeka mbali imodzi. Palibe amene wanenapo zondigulira lina.

Lachitatu, 19 Juni

Atsikana atatu a giredi 10 anati nawonso akufuna ngwazi yawo, asankha Superman, amene nkhani zake zimati amatenga mphamvu ku kuwala kwa dzuwa lathu. Ndinawalola tsiku limodzi. Dzuwa la masana opanda mitambo limapereka ma watt pafupifupi 1,000 pa sikweya mita. Anagoneka mnzawo papepala lalikulu n'kujambula mthunzi wa thupi, ndipo pa munthu wamkulu tinatenga sikweya mita 0.7. Maola 6 a dzuwa lamphamvu akupereka ma megajoule 15 patsiku, ngati khungu lake silitaya kalikonse. Chakudya cha munthu wamkulu patsiku ndi ma megajoule pafupifupi 10. Ndiye Superman woothera dzuwa tsiku lonse wapeza nsima ya tsiku limodzi ndi theka.

Chodabwitsa n'chakuti kunyamula galimoto ya tani imodzi kuikweza mamita awiri kumangofuna ma kilojoule 20, zimenezo angachite kambirimbiri. Koma kuimitsa thiraki ya matani 50 yothamanga makilomita 80 pa ola, ngati zimene zimadutsa pa Great East Road kupita ku Mwami, kukufanana ndi ma megajoule 12. Thiraki imodzi patsiku, kenako akagone padzuwa ngati buluzi. Atsikanawo akhutira, apanga pepala limodzi la pambali. Tabwerera ku mlandu waukulu.

Lachitatu, 26 Juni

Malaiti anabwera Lamlungu masana, ndinakopera zowerenga pa foni ndisanaphike n'komwe. Lero tinayang'ana zimene anthu apangadi.

Poyamba palladium. Olemba filimu sanangoitola m'tchire. Chitsulochi chimamwa hydrogen wochuluka zedi, ngati siponji. Mu Marichi 1989 akatswiri awiri a chemistry, Martin Fleischmann ndi Stanley Pons, analengeza ku University of Utah kuti apeza fusion m'botolo la patebulo, pogwiritsa ntchito palladium yomizidwa m'madzi olemera okhala ndi deuterium, popanda kutentha koopsa. Dziko lonse linatekeseka. Ma labu ambiri anayesa kubwereza, zotsatira zodalirika sizinatuluke, ndipo dzina loti cold fusion linasanduka chitsanzo cha kulengeza msanga. Ndinawauza ana kuti phunziro limeneli likukhudzanso mita yathu ya mababu: chimene sichibwerezeka sitichilemba pabolodi.

Fusion imene imagwiradi ntchito imafuna kutentha koposa madigiri 100 miliyoni. Palibe chiwiya chimene chingagwire zinthu zotentha chotere, choncho amazimanga ndi maginito m'chipinda chozungulira ngati tayala, dzina lake tokamak. Kachipangizo ka mufilimu kakuoneka ngati tokamak yaing'ono. Yeniyeni imene ikumangidwa ku Cadarache, kum'mwera kwa France, yotchedwa ITER, idzalemera matani 23,000, ndipo cholinga chake ndi ma megawatt 500 a fusion. Gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a zimene Tony Stark anapanga m'phanga ndi zidutswa za mizinga.

Ku America, pa 5 Disembala 2022, National Ignition Facility inawombera ma laser 192 pa kambewu ka mafuta kochepa ngati njere ya tsabola. Analowetsa ma megajoule 2.05, panatuluka 3.15. Aka kanali koyamba kuti zotuluka zipose kuwala kolowa. Koma kuti ma laser aja awombere anakoka ma megajoule pafupifupi 300 a magetsi, ndipo nyumba yake ndi yaikulu ngati mabwalo atatu a mpira.

Chimene chinandisangalatsa ndi makina a ku Culham, ku England, otchedwa JET. Ana anakuwa kuti ndi achibale athu, angosowa S. Mu Febuluwale chaka chino analengeza kuti anatulutsa ma megajoule 69 m'masekondi pafupifupi 5 kuchokera ku mafuta olemera mamiligalamu 0.2. Tiyanjane anatenga kakyuleta mwakachetechete, anachulukitsa mamiligalamu 0.2 ndi nambala yathu ija ya pa 5 Juni. Anapeza 68. Anaimirira n'kuyenda mozungulira labu atanyamula kakyuleta m'mwamba. Masamu a pabolodi lathu long'ambikali akugwirizana ndi makina a ku England. Pa zonse zimene zachitika teremu ino, ichi ndicho ndikanakonda makolo awo akanaona.

Ndiye pali ma neutron. Mu fusion ya deuterium ndi tritium, magawo anayi mwa asanu a mphamvu amatuluka ndi neutron. Neutron ilibe chaji, maginito sangaigwire, imangoboola n'kudutsa. Makina enieni amaitchinga ndi khoma la zitsulo ndi madzi lokhuthala pafupifupi mita yathunthu. Pachifuwa pa Tony Stark, pakati pa chipangizo ndi mtima wake, pali kachitsulo kopyapyala. Mabvuto anati pali mtundu wina wa fusion, wa hydrogen ndi boron, umene sutulutsa ma neutron ambiri. N'zoona, ulipo, koma umafuna kutentha kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Tamulola kuti alembe ngati njira yothawira, ndipo mlandu ukupitirira.

Dalitso anabweretsa chimene ine sindinkayembekeza. Batire ya nyukiliya ya pachifuwa inakhalapodi. Kuyambira mu 1970 madokotala anaika mwa odwala mtima ena tizipangizo tothandiza mtima kugunda toyendera plutonium-238, chifukwa mabatire a nthawi imeneyo ankatha msanga. Plutonium-238 imadzitenthera yokha, ma watt opitirira pang'ono theka pa galamu iliyonse, ndipo pamatenga zaka pafupifupi 88 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Kusunga mtima ukugunda kwa moyo wonse, zimenezo zinatheka kale. Koma kuti ipereke ma megawatt 3,000 pangafunike matani oposa 5,000. Galimoto ya Curiosity imene ili pa Mars imayendera batire yamtunduwu: kutentha kwa ma watt 2,000 kumapereka magetsi a ma watt 110 okha poyamba. Ndinauza ana kuti asunge manambala awiri omalizawa, tiwafuna sabata yamawa.

Lachitatu, 3 Julayi

Tabwera kuchokera ku tchuthi cha Heroes ndi Unity, ndipo ngwazi yathu yafera lero.

Funso linali losavuta. Pa ma watt 2,000 a batire ya Curiosity, 110 asanduka magetsi. Nanga 1,890 otsalawo apita kuti? Sasowa, chifukwa energy siisowa. Amakhalabe kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Makina aliwonse osandutsa kutentha kukhala magetsi amataya gawo. Malo opangira magetsi a malasha amataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu, n'chifukwa chake amamwa madzi ambiri oziziritsa. Abwino kwambiri oyendera gasi amataya pafupifupi 40 peresenti. Foni imatentha m'thumba, chaja imatentha pakhoma, kamota kathu ka njinga kanatentha mpaka Dalitso anabweza dzanja.

Tinamukomera mtima Tony Stark kuposa injiniya aliyense amene anakhalapo. Tinati chipangizo chake chimataya 1 peresenti yokha. Peresenti imodzi ya ma megawatt 3,000 ndi ma megawatt 30, ndipo onsewo akutsalira m'chifuwa.

Kuti tione tanthauzo lake tinayesa ndi babu imodzi. Chitini chopakidwa utoto wakuda m'kati, madzi theka la lita, chokulungidwa ndi chitenje chakale cha akazi anga ndi saka pamwamba. Babu imizidwe galasi lokha, kumutu kwake kukhale kouma. Ulendo woyamba Mabvuto analumikiza batire kaye, babu n'kutentha, ndiye n'kuimiza m'madzi ozizira a mu Julayi. Inangoti thwa, tizidutswa ta galasi pansi pa chitini. Tatsala ndi mababu anayi. Ulendo wachiwiri tinamiza kaye kenako n'kuyatsa. Madzi anayamba pa madigiri 19. Masamu amati ma watt 21 akweze theka la lita ndi digiri imodzi pa masekondi 100 alionse, kutanthauza madigiri 6 pa mphindi 10. Tinapeza 24, kukwera kwa madigiri 5. Digiri yosowayo yadyedwa ndi chitini ndi mpweya. Tinabwereza katatu, zotsatira zofanana.

Kenako tinatsekera babu ina m'kachitini ka polishi ya nsapato, kofanana kukula ndi chipangizo cha mufilimu, n'kuika kachidutswa ka kandulo pamwamba pa chivundikiro. Tonse tinazungulira tebulo. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako pansi pa kandulo pananyezimira, kanayamba kutsetsereka pang'onopang'ono ngati kakufuna kuthawa, kenako kanagwa cham'mbali m'dziwe lake lomwe. Fungo la polishi yakale linadzaza labu yonse. Mabvuto anapempha kuti amange kachitiniko pachifuwa pake pamwamba pa shati kuti aone kuti apirira mphindi zingati. Ndinakana. Sindikufuna kukafotokoza kwa mayi ake.

Imeneyo ndi babu imodzi ya ma watt 21. Ma megawatt 30 ndi mababu 1.4 miliyoni m'kachitini komweko.

Thupi la munthu wongokhala limatulutsa kutentha kwa ma watt pafupifupi 100, ndipo thukuta ndi magazi zimakwanitsa kuchotsa. Aliyense m'kalasi muja anadwalapo malungo, amadziwa mmene madigiri 40 amamvekera, ndipo kupitirira 42 moyo uli pachiswe. Kukweza thupi la makilogalamu 70 kuchoka pa 37 kufika pa 42 kumafuna ma megajoule pafupifupi 1.2. Pa ma megawatt 30 zimenezo zichitika m'masekondi 0.04. Munthu sanamalize n'kuphethira komwe.

Tinayesa kumupulumutsa. Madzi oziziritsa? Lita imodzi ya madzi, kuitenthetsa mpaka kuwira n'kuuma yonse, imachotsa ma megajoule pafupifupi 2.6. Pakufunika malita 12 pa sekondi. Chigubu cha malita 20 chikutha masekondi awiri asanakwane, ndipo pa mphindi 15 zija ndi madramu 50 a malita 210. Iron Man akuuluka akukoka thanki ya madzi, nthunzi ili tolotolo kumbuyo. Nanga suti yachitsulo ija itaye kutenthako ngati mmene mbaula imatayira? Thupi lonse ndi masikweya mita awiri. Lamulo la Stefan ndi Boltzmann likuti kuti malo amenewo ataye ma megawatt 30 ayenera kufika madigiri pafupifupi 3,760. Chitsulo wamba chimasungunuka pa 1,538. Titanium pa 1,668. Tungsten, kawaya kamene kali m'mababu athuwa, kamene kamaposa zitsulo zonse popirira moto, kamasungunuka pa 3,422. Suti yatha, ndipo mwini wake anapsa kalekale.

Panali zii. Tiyanjane anatembenukira kwa Mabvuto n'kunena mofatsa kuti, "Bodza lija ndi limeneli. Ndaliloza."

Lachitatu, 10 Julayi

Mabvuto sanagonje msanga, ndipo ndikuyamikira. Wabwera ndi pepala lodzaza mbali zonse. Akuti 1 peresenti tinangoisankha ife, nanga chipangizocho chitamataya gawo limodzi lokha pa miliyoni? Tinawerengera limodzi. Akutsala ma watt 3,000, ketulo yamagetsi imodzi ndi theka yoyaka pakati pa mapapo. Kuti kutenthako kutsike kufika pa ma watt 100 amene thupi linazolowera, chiyenera kutaya gawo limodzi pa 30 miliyoni, osati chipangizo chokha komanso waya aliyense, injini za m'mapazi ndi m'manja, zonse. Anati nanga superconductor? Waya wotero sataya, n'zoona, koma amene alipo amafuna kuzizira koopsa, maginito a ITER adzagwira ntchito pa madigiri 269 pansi pa ziro. Ndiye pachifuwa chimodzi pakhale madigiri 100 miliyoni, chala chimodzi kuchokera pamenepo pakhale kuzizira kumeneko, chala china pakhale mtima wa munthu pa 37.

Anayang'ana pepala lake nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye vuto si kupeza mphamvu. Vuto ndi kotaya zotsala." Ndinamuuza kuti alembe mawu omwewo pakati pa bolodi, ndipo iyeyo ndiye akafotokoze gawo limeneli kwa oweruza. Tiyanjane atenga gawo la mafuta, pamene Iron Man anapambana. Aliyense akaimira mbali imene ankaitsutsa. Onse awiri adandaula, sindisintha.

Nkhani ina yatipeza mochedwa: sabata yatha a ITER alengeza ndondomeko yatsopano, kuyesa ndi deuterium ndi tritium kwasunthidwa kufika 2039. Dalitso wawerengera kuti adzakhala ndi zaka 32. Tasintha chaka pa pepala lathu la makina enieni.

A hedi anadutsa, anaona kachitini ka polishi kokhala ndi timagetsi ta LED tabuluu timene ana akonza kuti kakope anthu, anafunsa ngati kakutulutsadi magetsi. Nditawauza kuti pulojekiti yathu ikusonyeza chifukwa chake sikangatulutse, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati oweruza amapereka mamalikisi pa chinthu chosagwira ntchito. Funso limenelo nanenso likundisowetsa tulo. Tikalowa m'gulu la physics, osati la zopangapanga, ndipo zoyesa zathu ziwiri, njinga ndi chitini cha madzi, zimagwira ntchito ndipo zimabwerezeka pamaso pa aliyense.

Loweruka, 13 Julayi

Bolodi latha mbali ziwiri mwa zitatu. Mutu wake takangana mpaka tavota, wapambana wa Dalitso: "Masipuni awiri a mafuta, madramu 50 a madzi." Chithunzi cha madamu ajambula atsikana a Superman, Kariba yatuluka yokongola kuposa pepala lonse.

Batire ya galimoto imene tinabwereka yafooka, ndipo masiku awiri apitawa malaiti abwera nthawi imene sukulu ndi yotseka. Ndaitengera kunyumba pa njinga, ndiitchaja usiku akabwera. Thermometer ya labu ndi imodzi yokha, ndauza Tiyanjane kuti aikulunge m'sokosi ndipo asapatse Mabvuto. Kagudumu ka labala kayamba kung'ambika, amalume a Dalitso ati adula kena ku tayala lakale Lolemba.

Chatsala ndi kupeza galimoto yonyamula choimikira njinga, chifukwa sichikwana m'minibasi, ndiponso kufunsa bambo a njinga aja ngati angalole kubwera tsiku la chionetsero. Mabvuto akuti apalasa yekha. Mphindi ziwiri sizikwana oweruza atatu.